Manute Bol: Chimphona Chomwe Sichinaiwale Kwawo

Anzanga, nkhani ya basketball ikangoyamba, ambiri mumathamangira kutchula Michael Jordan kapena LeBron James. Lero ndakubweretserani dzina lina: Manute Bol, mwana wa mtundu wa Dinka wakummwera kwa Sudan. Munthuyu anali wamtali mamita 2.31. Mwakuti akanabwera pasukulu pano, polowa m'kalasi akanachita kuwerama.

Bol anakula akuweta ng'ombe kumudzi ndipo sukulu sanapite nayo patali. Basketball anaidziwa atakula kale, n'kukasewera mumzinda wa Khartoum. Kumeneko n'komwe mphunzitsi wa masewerowa wochokera ku America, Don Feeley, anamuona mu 1982. Chaka chotsatira Bol anakwera ndege kupita ku America, Chingerezi asakuchidziwa. Anayamba ndi kuphunzira chilankhulocho mumzinda wa Cleveland, kenako anasewera chaka chimodzi pa yunivesite ya Bridgeport. Mu 1985 timu ya Washington Bullets inamutenga, basi n'kulowa mu NBA, ligi yaikulu kuposa zonse padziko lapansi.

Tsono apa mpamene nkhani yake imandisangalatsa. Bol sanali katswiri wogoletsa ayi. Anali woonda kwambiri, moti anzake amatupi akuluakulu ankangomukankha. Koma anali ndi luso limodzi: kutchinga mpira usanalowe. Munthu akadumpha kuti aponye, ankangoona dzanja lalitali latulukira pamwamba, mpira phaa! wabwerera. M'chaka chake choyamba chenicheni anatchinga mipira 397, kuposa wina aliyense mu ligi yonse. Pa zaka khumi zomwe anasewerera matimu a Washington, Golden State Warriors, Philadelphia 76ers ndi Miami Heat, anatchinga mipira 2,086 pomwe mapointi ake onse anali 1,599 okha. Mwaona? Yotchinga inachuluka kuposa mapointi! Ku Washington anaseweranso limodzi ndi Muggsy Bogues, wamamita 1.60, ndipo anthu ankakonda kuwajambula atayimirira pamodzi. Nthawi zina ankadabwitsa anthu: mu 1993, posewera ndi Phoenix Suns, anagoletsa kasanu n'kamodzi kuchokera patali paja popereka mapointi atatu, zonsezo m'chigawo chachiwiri chokha. Atachoka mu NBA anakaseweranso pang'ono ku Italy.

Koma pamene iye ankaombeledwa m'manja ku America, kwawo kunali moto. Nkhondo ya pakati pa boma la Khartoum ndi anthu akummwera inayamba mu 1983, chaka chomwe anachoka, ndipo inatha mu 2005. Abale ake ambiri anafera momwemo. Bol ankayendera anthu othawa nkhondo m'misasa ndi kulankhula ndi akuluakulu a ndale ku Washington kuti dziko lidziwe zomwe zinkachitika. Ndalama zambiri zomwe anapeza mumpira anazitumiza kwawo, zina kwa anthu ovutika, zina ku gulu la SPLA lomwe linkamenyana ndi boma. Mapeto ake anatsala wopanda kanthu. Mu 2004 anachita ngozi ya takisi ku Connecticut n'kuthyoka khosi, ndipo anzake omwe ankasewera nawo anachita kumusonkhera.

Ndikudziwa ena mukuti, aaa, kumeneko n'kupusa, munthu kugwira madola ochuluka choncho n'kufa wosauka? Funso limenelo n'lomveka, ndipo ine zopereka ndalama kunkhondo sindingaziyamikire. Koma taonani zomwe anasankha kumapeto. Ali wodwaladwala, akuyenda ndi ndodo, anagwirizana ndi bungwe la Sudan Sunrise kuti amange masukulu, kuyambira ku Turalei kwawo. Ankafuna kuti mwana wa Chikhristu ndi wa Chisilamu, wa mtundu uliwonse, aziphunzira m'kalasi imodzi. Munthu yemwe ali mwana sanakhale pa desiki ndi amene anaona kuti chuma chenicheni chosiyira kwawo ndi sukulu.

Bol anamwalira pa 19 June 2010 ku Charlottesville, m'chigawo cha Virginia, chifukwa cha vuto la impso ndi matenda oopsa a pakhungu. Thupi lake analitengera ku Turalei komwe anakaikidwa. Patangopita chaka, pa 9 July 2011, South Sudan inalandira ufulu wodzilamulira, iye osauona. Mwana wake, Bol Bol, naye anadzasewera mu NBA.

Ambiri a ife timalota zodzapita kunja, kaya ndi mpira, kaya ndi maphunziro, ndipo palibe cholakwika. Bol anapita ndi luso limodzi lokha, analigwiritsa mpaka dziko lonse linamudziwa. Ine funso langa kwa inu ndi ili: tsiku lomwe zanu zidzayende, kumudzi kwanu kudzatsala chiyani chosonyeza kuti munachokera kumeneko?