Kalashnikov: mwana wa mlimi yemwe anapanga mfuti yosaopa matope

Pa mbendera ya dziko la Mozambique pali buku, khasu ndi mfuti. Mfutiyo ndi AK-47, ndipo anaipanga ndi Mikhail Kalashnikov.

Mkuluyu anabadwa mu 1919 m'mudzi wa Kurya ku Russia, m'banja la alimi lomwe boma la Stalin linalipirikitsira ku Siberia. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anali msilikali wa akasinja, ndipo mu 1941 anavulala ku Bryansk. Ali m'chipatala m'pamene anayamba kulingalira zopanga mfuti. Mu 1949 asilikali a Soviet Union anailandira.

Chinsinsi chake n'chakuti zitsulo za m'kati sanazithinitse. Anazisiyira mpata, moti ngakhale mulowe mchenga kapena matope, mfuti imangolirabe. Kuimasula ndi kuipukuta sikulira sukulu. Zoona, poombera patali imagonja kwa M16 ya America, koma m'nkhalango za Vietnam ma M16 oyamba ankakanirira pomwe AK inkagwira ntchito.

Tsoka lake, mfuti yolimba chonchi siipuma nkhondo ikatha. Ya ku Mozambique inatha mu 1992, koma mfuti zina zinadutsa malire n'kugwera m'manja mwa achifwamba kuno kwathu.

Kwa zaka zambiri mwiniwakeyo ankaloza chala andale. Atakalamba, mtima unamuvuta: analembera kalata Kirill, mkulu wa mpingo wa Orthodox ku Russia, kufunsa ngati imfa za anthu ophedwa ndi mfuti yake zili pamutu pake. Anamwalira ku Izhevsk pa 23 Disembala 2013 ali ndi zaka 94.