Godfrey Chitalu: katswiri yemwe mphoto zake zidamuikira umboni

Ligi ikafika kumapeto, akuluakulu a mpira ndi atolankhani amakhala pansi kusankha wosewera yemwe waposa anzake komanso mphunzitsi yemwe watsogola bwino timu yake. Mwambowu uliko ku Malawi, uliko ku Ulaya, ndipo ngakhale ku America, mu ligi ya NFL ya mpira wawo wogwira ndi manja, atolankhani amaponya voti chaka ndi chaka. Kuno kumwera kwa Africa, ndi ochepa omwe adalandirapo ulemuwu mbali zonse ziwiri, ngati wosewera komanso ngati mphunzitsi. Mmodzi mwa iwo ndi malemu Godfrey Chitalu wa ku Zambia.

Chitalu adabadwa pa 22 Okutobala 1947 ku Luanshya, tauni ya migodi ya kopa m'chigawo cha Copperbelt. M'matauni amenewo mpira udali chisangalalo chachikulu cha ogwira ntchito m'migodi ndi ana awo, ndipo luso la mnyamatayu silidachedwe kuoneka. Asanakwanitse zaka 20 adali atayamba kale kusewera m'timu yaikulu ya Kitwe United.

Adali wamphamvu, waliwiro ndiponso wosaopa otchinga kumbuyo. Koma adalinso wamtima wapachala, moti pazaka zake zoyamba ankasemphana kawirikawiri ndi oyimbira mpira, ndipo nthawi zina ankatulutsidwa m'bwalo. Khalidweli likadatha kumuonongera tsogolo, koma udindo udamuumba. Atamusankha kukhala kaputeni, adayamba kudziletsa, ndipo zigoli zidachuluka.

M'chaka cha 1968, pomwe dziko la Zambia lidayamba kupereka mphoto ya wosewera wapamwamba pachaka, woyamba kuilandira adali Chitalu. Adali ndi zaka 21 zokha, ndipo m'chaka chomwecho ndi momwe adayambira kusewera m'timu ya dziko. Adailandiranso mu 1970, chaka chake chomaliza ku Kitwe United.

Mu 1971 adasamukira ku Kabwe Warriors, timu yothandizidwa ndi kampani ya njanji ya Zambia Railways. Kumeneko ndiko kudakhazikika dzina lake lotchuka lakuti Ucar, lochokera ku mabatire a kampani ya Union Carbide omwe ankadziwika kuti sakutha moto msanga. Dzinali lidafika m'makomo ambiri kudzera pawailesi, m'mawu a muulutsi wotchuka Dennis Liwewe, yemwe adabadwira kuno ku Malawi.

Chaka chomwe chidamuika m'mbiri ndi 1972. Kabwe Warriors idatenga ligi pamodzi ndi zikho zina, ndipo mumpikisano wa matimu a mu Africa idagonjetsa Majantja ya ku Lesotho 9-0, Chitalu yekha atamwetsa zigoli 7. Pakutha pa nyengoyo, a ku Zambia adawerenga zigoli 107 za munthu mmodzi. Panalibe chokambirana: mphoto ya wosewera wapamwamba idapita kwa iye kachitatu.

Mu 1974 adali m'gulu la osewera a Zambia omwe adafika mundime yotsiriza ya chikho cha Africa ku Egypt. Adafanana mphamvu ndi Zaire 2-2, koma atabwereza masewerowo adagonja 2-0. Zitatero, nyenyezi yake idaoneka ngati ikuzilala. Kwa zaka zisanu, kuyambira 1973 mpaka 1977, mphoto ija inkapita kwa ena, ndipo padali nthawi yomwe sankaitanidwa n'komwe kutimu ya dziko.

Apa ndi pomwe dzina la mabatire lija lidapherezera. Pamsinkhu womwe omwetsa zigoli ambiri amayamba kuganiza zopuma, Chitalu adabwerera mwamphamvu. Amalawi okonda mpira adaona zimenezi ndi maso awo mu 1978, pomwe dziko lino lidachititsa mpikisano wa maiko a kummawa ndi pakati pa Africa. Chitalu adamwetsa zigoli 11 mumpikisanowo, kuposa wina aliyense. Komabe chikho chidatsala pakhomo, chifukwa timu ya Malawi, motsogozedwa ndi mphunzitsi Ted Powell, idagonjetsa Zambia 3-2 mundime yotsiriza. Kwawo adamusankhanso kukhala wosewera wapamwamba mu 1978 ndi mu 1979, ali ndi zaka 31 ndi 32. Mphotozo zidakwana zisanu, yoyamba ndi yomaliza zitatalikirana zaka 11.

Mu 1980 adapita ku masewero a Olimpiki ku Moscow, komwe Zambia idapeza zigoli ziwiri zokha, ndipo zonse adamwetsa ndi iye. Pomwe ankapachika nsapato kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, adali atamwetsera dziko lake zigoli 79, chiwerengero chomwe mpaka lero palibe wa ku Zambia yemwe wachifikira.

Si katswiri aliyense amatha kuphunzitsa, popeza chomwe mwendo wake unkachita mosavuta chimakhala chovuta kufotokozera ena. Chitalu adayesedwa panthawi yowawa. Kabwe Warriors idatuluka muligi yaikulu, ndipo mu 1991 adapatsidwa ntchito yoibwezeretsa. Adaikwanitsa m'chaka chimodzi, ndipo adasankhidwa kukhala mphunzitsi wapamwamba wa chakacho. Yemwe kale ankalimbana ndi oyimbira tsopano ndiye ankalangiza achinyamata za mwambo.

Kumapeto kwa 1992, Zambia itagonja 2-0 ku Madagascar, adamupatsa timu ya dziko, wothandizira wake ali Alex Chola, katswiri mnzake wakale. Timuyo idali yolimba, ndipo chiyembekezo chidali chachikulu kuti ikafika ku World Cup ya 1994 ku America.

Usiku wa pa 27 Epulo 1993, ndege ya asilikali ya mtundu wa Buffalo yomwe idanyamula timuyo pa ulendo wokasewera ndi Senegal ku Dakar idagwera m'nyanja ya Atlantic itangonyamuka ku Libreville m'dziko la Gabon. Anthu onse 30 adafa, kuphatikizapo osewera 18, Chitalu ndi Chola. Iye adali ndi zaka 45. Onse adaikidwa pafupi ndi bwalo la Independence mumzinda wa Lusaka, pamalo otchedwa Heroes' Acre. Patapita zaka 19, mu Febuluwale 2012, Zambia idatenga chikho cha Africa koyamba mumzinda womwewo wa Libreville, itagonjetsa Ivory Coast pamapenate.

Chaka chomwecho dzina la Chitalu lidamvekanso padziko lonse. Lionel Messi atamwetsa zigoli 91 m'chaka chimodzi, nyuzipepala zidalengeza kuti waphwanya mbiri ya Gerd Müller wa ku Germany, yemwe adamwetsa 85 mu 1972. Bungwe loyendetsa mpira ku Zambia lidatsutsa, likunena kuti m'chaka chomwecho cha 1972 Chitalu adaposa onse awiri. Bungwe la FIFA lidayankha kuti silisunga kaundula wa zigoli za m'maligi a maiko, choncho silingavomereze mbiri ya aliyense. Ofufuza adachita kubwerera ku nyuzipepala zakale kukawerenga zigolizo chimodzichimodzi.

Mkanganowu udaonetsa kufunika kwa mphoto zija. Zigoli za Messi zili pakanema, pomwe zambiri za Chitalu zidangotsala m'maso mwa omwe adalipo. Koma mndandanda wa osankhidwa sudafufutike: anthu omwe adamuona akusewera adalemba dzina lake kasanu, kenako adalilembanso ngati mphunzitsi. Bwalo la Kabwe Warriors, lomwe kale linkatchedwa Railway, lero limadziwika ndi dzina lake.

Phunziroli likukhudzanso mpira wa kuno. M'mabwalo a fumbi a ku Mponela m'boma la Dowa ndi m'mapiri a ku Ntchisi, anyamata amamwetsa zigoli sabata iliyonse, ndipo zambiri zimathera m'nkhani za pamsika. Ligi iliyonse, ngakhale ya m'boma, ikamasunga kabuku ka zigoli ndi kusankha mwachilungamo wosewera ndi mphunzitsi wa chaka, ndiye kuti ikusungira ana ake umboni womwe adzaufune mawa.