David Clement Scott: Mmisiri wa Njerwa ndi Mawu

Anthu ambiri amamudziwa David Clement Scott chifukwa cha tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre. Ife ophunzira zilankhulo timamudziwanso chifukwa cha mtanthauziramawu wake wa Chimang'anja. M'nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti ntchito ziwirizi zinachokera pa maganizo amodzi: kukhulupirira nzeru ndi luso la eni dera.

Scott anabadwira ku Edinburgh m'dziko la Scotland m'chaka cha 1853. Anafika ku Blantyre mu 1881 kudzatsogolera mishoni ya Church of Scotland. Pa nthawiyo mbiri ya mishoniyo inali itaipa chifukwa amishonale oyamba ankaweruza milandu ndi kukwapula anthu ngati kuti ndi boma. Choncho udindo wake woyamba unali wobwezeretsa chikhulupiriro cha anthu ozungulira.

Ntchito yomanga tchalitchi inayamba mu 1888. Scott anali m'busa, sanaphunzirepo zomangamanga, ndipo panalibe pulani yojambulidwa. Gawo lililonse ankayamba aliyesa posanja njerwa popanda matope kuti aone ngati lingaime. Njerwazo zinkaumbidwa ndi kuwotchedwa pomwepo, ndipo akuti zinali za mitundu 81. Oumba ndi omanga anali anthu akuda amene ankaphunzirira lusolo pa ntchito yomweyo. Tchalitchichi chinapatulidwa pa 10 May 1891. Nsanja zake ziwiri zakumaso sizofanana, ndipo zokongoletsa zambiri zapakhoma ndi njerwa zomwezo zosanjidwa mwaluso.

Chaka chotsatira, mu 1892, anatulutsa buku lotchedwa A Cyclopaedic Dictionary of the Mang'anja Language. Bukuli silimangomasulira mawu, komanso limafotokoza miyambo, miyambi ndi ntchito za tsiku ndi tsiku za Amang'anja. Munthu sangalembe zotere asanakhale pansi ndi kumvetsera eni chilankhulo. Alexander Hetherwick anadzalikonzanso n'kulitulutsa mu 1929 monga Dictionary of the Nyanja Language.

Mumpingo namonso Scott anachita chimodzimodzi. Anasankha anthu akuda asanu ndi awiri kukhala madikoni, ena mwa iwo ndi John Gray Kufa, Mungo Chisuse ndi Harry Kambwiri Matecheta, amene anadzadzozedwa ubusa mu 1911. Izi sizinakondweretse azungu ambiri a minda ngakhalenso amishonale ena. Ankasemphananso ndi boma la Harry Johnston pa nkhani za malo ndi msonkho. Mkazi wake ndi m'bale wake, Dr William Affleck Scott, anamwalira mu 1895. Iye anachoka ku Blantyre mu 1898 thanzi lake litafooka, ndipo pambuyo pake anakatumikira ku Kikuyu m'dziko la Kenya, komwe anamwalirira mu 1907.

Sindikunena kuti Scott analibe zofooka. Anali munthu wa nthawi ya atsamunda, ndipo ankafuna ulamuliro wa Britain m'dziko muno. Koma m'kuona kwanga, kutcha tchalitchi chimenechi nyumba ya azungu n'kulanda makolo athu thukuta lawo. Mutu umodzi susenza denga. Scott anabweretsa masomphenya, koma dothi, manja ndi mawu zinali zakonkuno. N'chifukwa chake udindo wosamala tchalitchichi, chomwe lero chili m'manja mwa Sinodi ya Blantyre ya CCAP, komanso wowerenga mtanthauziramawu uja, ndi wathu tonse.