Garcia de Orta, Sing'anga wa ku Goa

Garcia de Orta anabadwira ku Castelo de Vide, m'dziko la Portugal, ca m'ma 1501. Makolo ace anali Ayuda othawa ku Spain, kumene mafumu anapitikitsa Ayuda m'caka ca 1492. Koma mpumulo sanaupeze, pakuti m'caka ca 1497 mfumu Manuel inabatizitsa Ayuda a m'dziko lace mokakamiza. Anthu anawacha Akristu Atsopano, dzina lacipongwe limene linatsata ana ndi adzukulu omwe.

Mnyamatayo anaphunzira za mankhwala ku Salamanca ndi ku Alcalá. M'caka ca 1534 anakwera combo kunka ku India, nakhazikika ku Goa, mudzi umene Apwitikizi anali kulamulirako Sena ndi Tete kufikira 1752. Kumeneko sanacita manyazi kufunsa asing'anga Acihindu ndi Acisilamu za mizu ndi makungwa ao. Buku lace la mankhwala linasindikizidwa m'caka ca 1563, ndipo m'menemo analongosola nthenda ya kolera, yomweyo imene inaliritsa mabanja ku Kanyama, Chibolya ndi makomboni ena a Lusaka m'caka ca 2018.

Tsono bwalo lofufuza cikhulupiriro ca anthu, lochedwa Inquisition, linakhazikitsidwa ku Goa m'caka ca 1560. Masiku onse a moyo wace oweruzawo sanamgwira, popeza akuru a boma anali abwenzi ace. Anamwalira m'caka ca 1568, naikidwa mwaulemu. Caka cotsatira anatentha mlongo wace Catarina pomnenera kuti anali kusunga miyambo ya Ciyuda mobisa. Ngakhale pamenepo mtima wao sunatsika: m'caka ca 1580 anafukula mafupa a sing'angayo, nawatentha pamaso pa khamu. Ocita izi anali kuchula dzina la Yesu, amene mwa thupi anali Myuda, monganso Petro ndi Paulo. Ndipo ubatizo umene iwo eni anaukakamiza ndiwo unawapatsa mphamvu ya kuweruza banjali.

Bwalo la ku Goa linatsekedwa m'caka ca 1812, koma zidzukulu za othawa, zobalalika ku Amsterdam, ku Morocco ndi ku Turkey, sizinaiwala. M'caka ca 1989 Mário Soares, pulezidenti wa Portugal, anapepesa Ayuda poyera cifukwa ca mazunzo aja. Kupepesako kunacitikira ku Castelo de Vide, kwao kwa Garcia de Orta, zitapita zaka 409 mafupa ace atatenthedwa.