MASAUKO CHIPEMBERE: MDZUKULU WA KU LIKOMA AMENE ADALAMBULIRA KAMUZU NJIRA

Chilumba cha Likoma nchaching'ono ndipo nthaka yake njamiyala, koma chiyambire pamene amishoni a UMCA adakhazikika kumeneko m'ma 1880, chidatulutsa aphunzitsi, ansembe ndi akalaliki ochuluka amene adamwazikana m'madera a m'mbali mwa nyanja. Mmodzi wa iwo adali a Habil Matthew Chipembere, mphunzitsi amene pambuyo pake adakhala wansembe wa mpingo wa Anglican. Mwana wawo, Henry Masauko Blasius Chipembere, adabadwira ku Kayoyo, ku Ntchisi, pa 5 Ogasiti 1930.

Mnyamatayu adaphunzira ku Blantyre Secondary School, ku Goromonzi m'dziko la Southern Rhodesia, ndiponso ku Fort Hare ku South Africa. Atabwerako adalowa ntchito ya boma, koma sadakhalitse. M'chaka cha 1956 adasankhidwa kukhala mmodzi wa Afirika asanu a m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba, pamodzi ndi a Kanyama Chiume. Awiriwa adatsutsa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mopanda mantha, kotero kuti mabuku a Hansard, amene kale sankalabadiridwa, adayamba kufunidwa ndi aphunzitsi ndi akalaliki m'dziko lonse.

Apa ndi pamene nzeru za a Chipembere zidaonekera. Iwo adazindikira kuti akuluakulu a m'midzi sangatsate anyamata a zaka zosakwana 30, ngakhale akhale ndi madigiri. Chipani cha Nyasaland African Congress chidafunika munthu wachikulire, wophunzira, woti anthu amuope ndi kumukhulupirira. Motero adalembera makalata Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene adali atakhala kunja kwa dziko zaka pafupifupi 40, kuwapempha kuti abwere kwawo. Adawauza mosabisa kuti anthu akufuna mpulumutsi, ndi kuti iwo anyamatawo adzakweza dzina la dotoloyo kufikira litamveka m'mudzi uliwonse. Adachitadi zimenezo. Pamene Dr. Banda adatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, khamu lidali litakonzedwa kale. Pa msonkhano wa ku Nkhata Bay mwezi wotsatira, a Chipembere adakhala msungichuma wa chipani.

Boma la atsamunda litamanga atsogoleri a Congress mu Marichi 1959, a Chipembere adatsekeredwa ku Gwelo pamodzi ndi Dr. Banda ndi abale awiri, a Dunduzu ndi a Yatuta Chisiza. Anayiwo adatha miyezi yambiri akukambirana za dziko lam'tsogolo. Atatulutsidwa mu 1960, a Chipembere sadaphwetse lilime lawo. Adaimbidwa mlandu woukira boma chifukwa cha zolankhula zawo pamisonkhano, nakhala m'ndende ya Zomba kufikira Januwale 1963. Pa chisankho cha 1961 bambo wawo, wansembe uja, ndiwo adalowa m'Nyumba ya Malamulo m'malo mwawo.

Ufulu udadza pa 6 Julayi 1964, a Chipembere ali nduna ya zamaphunziro. Sipadapite miyezi iwiri mkangano udabuka. Nduna zidadandaula za tiki imene odwala ankalipitsidwa m'zipatala, za kuchedwa kopereka maudindo kwa Afirika, za ubale ndi Apwitikizi, makamaka za mtsogoleri wosafuna kulangizidwa. Munthu amene adamuveka ulemu wa mpulumutsi tsopano adakana kumva anthu amene adamuvekawo. A Chipembere adali ku Canada pamene zimenezi zinkayamba. Atabwerako adapeza anzawo atachotsedwa, ndipo pa 9 Sepitembala adatula pansi udindo wawo.

Adabwerera ku Malindi. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 adatsogolera gulu la anthu awo nalanda boma la Fort Johnston, limene lero ndi Mangochi. Ulendo wa ku Zomba udathera pa Liwonde, pakuti pantoni yoolotsa anthu pa mtsinje wa Shire idali kutsidya lina. Midzi yambiri ya kumeneko idalangidwa koopsa chifukwa cha usiku umenewo.

A Chipembere adatulutsidwa m'dziko mobisa kupita ku America. Adaphunzitsa ku Kivukoni College ku Tanzania, kenaka ku California State University mumzinda wa Los Angeles. Matenda a shuga adawafooketsa, ndipo adamwalira komweko pa 24 Sepitembala 1975, ali ndi zaka 45. Kwawo kunoko dzina lawo silinkatchulidwa poyera kufikira ulamuliro wa chipani chimodzi udatha m'ma 1990.