Elliot Kenan Kamwana ndi Mkangano wa Utatu wa Mulungu

Mawu oyamba

Anthu ambiri akamatchula Elliot Kenan Kamwana amakumbukira zinthu ziwiri: ubatizo wa anthu zikwizikwi ku Nkhata Bay ndi ulosi wake wonena za chaka cha 1914. Koma mabuku amene munthuyu adabwera nawo kuchokera ku South Africa adalinso ndi nkhani ina imene yakhalitsa kuposa ulosiwo. Nkhaniyi ndi yakuti kodi Yesu ndi Mulungu weniweni wolingana ndi Atate, kapena ndi wolengedwa? M'chimangirizo chino tiona moyo wa Kamwana ndi momwe adalowetsera mkangano wakalekalewu pakati pa Akhristu a dziko lino.

Ubwana ndi maphunziro ake

Kamwana adabadwa cha m'ma 1872 ndipo adali Mtonga wa mfunda wa Chirwa. Ali mnyamata, amishoni a ku Scotland otsogozedwa ndi Robert Laws adasamutsa likulu lawo kuchoka ku Cape Maclear kupita ku Bandawe mu 1881. Kamwana adayamba sukulu pansi pa mishoni imeneyi ndipo pambuyo pake adakaphunzira ku Overtoun Institute ku Khondowe, sukulu yapamwamba koposa m'dziko muno nthawi imeneyo.

Mpingo umene udamulera udali wa Chipresibiteriyani. Katekisimu wake amaphunzitsa kuti Mulungu ndi mmodzi koma mwa Iye muli atatu: Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, olingana mphamvu ndi ulemerero. Munthu ankayenera kukhala zaka zingapo m'makalasi asanabatizidwe, kuti amishoni akhutire ndi chidziwitso ndi makhalidwe ake. Mu 1901 Kamwana adachoka ku Livingstonia asanabatizidwe, ataipidwa ndi ndalama zolipirira sukulu zimene mishoni idayamba kuitanitsa. Adalowera kumwera kwa dziko lino, kumene adadziwana ndi Joseph Booth, mmishoni Wachingerezi amene adafika m'dziko muno mu 1892 ndi kuphunzitsanso John Chilembwe. Kenaka, monga ankachitira anyamata ambiri a Chitonga, adapita ku Joni kukagwira ntchito kumigodi.

Mabuku a Russell

Mu 1907 Booth adakhazikika ku Cape Town atangolandira chiphunzitso cha Charles Taze Russell wa ku Pittsburgh m'dziko la America, amene adayambitsa magazini ya Zion's Watch Tower mu 1879. Kamwana adakhala miyezi ingapo kwa Booth akuphunzira mabuku a Russell otchedwa Studies in the Scriptures.

Russell ankatsutsa zinthu zingapo zimene mipingo ikuluikulu imaphunzitsa. Ankakana zoti kuli moto wosatha wozunzira ochimwa. Ankati nthawi za maufumu a anthu zidzatha mu 1914. Koposa zonse, ankakana Utatu. M'buku lake lachisanu, lotuluka mu 1899, adafotokoza kuti Mulungu Wamphamvuyonse ndi Atate okha, kuti Mwana ndiye woyamba mwa zonse zimene Atate adalenga, ndi kuti Mzimu Woyera ndi mphamvu ya Mulungu osati wina woyima payekha.

Chiyambi cha mkanganowu

Maganizo oterewa sadayambe ndi Russell. Cha m'ma 318 mumzinda wa Alexandria ku Egypt, wansembe wina dzina lake Arius adaphunzitsa kuti idalipo nthawi imene Mwana kudalibe. Mpingo udagawikana kwambiri kotero kuti mfumu Constantine idaitanitsa msonkhano wa mabishopu ku Nicaea mu 325. Msonkhanowo udagamula kuti Mwana ndi wobadwa kwa Atate, osati wolengedwa, ndipo umulungu wake ndi womwewo wa Atate. Msonkhano wa ku Constantinople wa mu 381 udatsimikiza chigamulochi ndi kuonjezerapo za Mzimu Woyera. Athanasius, bishopu wa ku Alexandria yemweyo, adapirikitsidwa pampando wake kasanu chifukwa chokakamira chigamulo cha ku Nicaea. Choncho Arius ndi Athanasius yemwe adali atsogoleri a mpingo wa mu Africa muno.

Chovuta pa mkanganowu ndi chakuti mbali zonse ziwiri zimatsegula Baibulo limodzimodzi. Okana Utatu amanena kuti liwu lakuti Utatu silipezeka m'Malemba. Amaloza Yohane 14:28 pamene Yesu akuika Atate pamwamba pake, Marko 13:32 pamene Mwana sakudziwa tsiku lomaliza, ndi Akolose 1:15 pamene akutchedwa woyamba kubadwa. Okhulupirira Utatu amaloza Yohane 1:1, Yohane 20:28 pamene Tomasi akutchula Yesu kuti Mulungu wake, ndi Mateyu 28:19 pamene ubatizo ukuchitika m'dzina limodzi la atatuwo. Iwo amati ndime zosonyeza kuchepa kwa Yesu zimanena za umunthu umene adavala pobadwa.

Nkhaniyi si yongolimbirana mawu ayi, chifukwa imakhudza chipulumutso ndi kapembedzedwe. Athanasius ankati cholengedwa sichingapulumutse cholengedwa chinzake, choncho Mpulumutsi ayenera kukhala Mulungu. Russell ankati amene adataya moyo wangwiro ndi Adamu, munthu, choncho dipo loyenera lidali munthu wangwiro wolingana ndi Adamuyo. Ngati a Utatu akulondola, wokana kulambira Yesu akumana Mulungu ulemu wake. Ngati akulondola ndi enawo, wolambira Yesu monga Wamphamvuyonse akupereka kwa Mwana ulemu wa Atate. N'chifukwa chake mbali ziwirizi zimalephera kungonena kuti zonse ndi chimodzimodzi.

Miyezi ya ubatizo

Kamwana adabwerera kwawo chakumapeto kwa 1908. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma uyu adali mwana wa pakhomo amene adabwera ndi kalumo kachilendo. Adapeza anthu ambiri a Chitonga atatopa ndi kudikira ubatizo m'makalasi, kwinaku msonkho wa nyumba ukuwakakamiza kupita kutali kukafuna ndalama. Iye ankabatiza pomiza m'madzi, mosalipiritsa ndiponso mosadikiritsa. Ankalalikira kuti mu 1914 ufumu wa Khristu udzafika, msonkho udzatha ndipo ulamuliro wa azungu udzachoka. Pofika mu Marichi 1909 adali atabatiza anthu oposa 9,000, ndipo matchalitchi a Livingstonia m'dera la Bandawe adatsala ndi anthu owerengeka.

Apa tiyenera kusamala. Khamu limene linkathamangira kunyanja ndi kumitsinje silinkapita chifukwa chakuti lasanthula Yohane 1:1. Chimene chidawakoka ndi ubatizo wosavuta ndi chiyembekezo cha kutha kwa mavuto. Komabe wobatizidwa ndi Kamwana ankalowa m'gulu limene mabuku ake ankati mipingo yakale idasokeretsa anthu ngakhale pa nkhani ya Mulungu weniweniyo. Asilamu a ku Nkhotakota ndi a ku Mangochi ankakana Utatu kale, koma tsopano okana adali anthu onyamula Baibulo, ena mwa iwo ophunzira a mishoni yomweyo. Chiphunzitso chimene kale chinkangolowezedwa m'kalasi chidasanduka chinthu choti Mkhristu wakuda angathe kuchifunsa ndi kuchiyesa ndi Malemba.

Ukaidi ndi kubwerera

Boma la atsamunda, pansi pa bwanamkubwa Alfred Sharpe, silidade nkhawa ndi za Utatu koma ndi za msonkho. Mu 1909 lidamugwira Kamwana ndi kumuchotsa kwawo. Adakhalako ku South Africa ndi ku Chinde m'dziko la Mozambique, ndipo nkhondo yaikulu itayamba mu 1914 adasungidwa ku Mulanje. Chaka chimene adalosera chidadutsa, msonkho osatha. Chilembwe ataukira boma mu Januwale 1915, atsamunda adaopa aliyense amene adakhudzanapo ndi Booth. Ngakhale Kamwana sadamenye nawo nkhondoyo, adamutumiza ku Mauritius mu 1916, kenaka ku Seychelles, ndipo adaloledwa kubwerera mu 1937.

M'zaka zimenezi chiphunzitso chimene adafesa chidayenda ndi anthu opita kumigodi ndi kumafamu a ku Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Congo, kumene chidadziwika kuti Chitawala. Koma likulu la Watch Tower ku America silidakondwere ndi magulu odziyimira paokhawa. Mu 1931 gululo lidatenga dzina lakuti Mboni za Yehova ndipo mu 1934 lidatsegula ofesi yakeyake ku Zomba. Kamwana atabwerera sadagwirizane nalo. Adayambitsa mpingo wake wotchedwa Watchman Healing Mission, umene anthu amautcha Mlonda, ndipo adautsogolera kwawo ku Nkhata Bay mpaka imfa yake mu 1956.

Mawu otsiriza

Ulosi wa Kamwana wa kutha kwa msonkho mu 1914 sudakwaniritsidwe, ndipo gulu limene adalitsegulira njira lidamukana. Koma funso limene lidali m'mabuku ake lidatsala. Mboni za Yehova, zimene zidaletsedwa m'dziko muno kuyambira 1967 mpaka 1993, zidamanga likulu lawo ku Lilongwe ndipo zimaphunzitsabe kuti Mwana ndi wolengedwa. Mumzinda womwewo, ku Area 47, sukulu ya African Bible College, imene idatsegulidwa mu 1991, imaphunzitsa Utatu monga momwe ankaphunzitsira amishoni a ku Bandawe. Wina angagwirizane ndi Kamwana kapena kumutsutsa, koma wolemba mbiri ya Chikhristu m'Malawi sangamudumphe. Iye adaonetsa kuti Mmalawi wodziwa kuwerenga sadzangolandira zimene wauzidwa zokhudza Mulungu, koma adzatsegula yekha buku ndi kufunsa.