GEORGIUS AGRICOLA, SING'ANGA AMENE ANAFUFUZA CHIYAMBI CHA MITAPO

M'dziko la Germany, m'chigawo chotchedwa Saxony, muli mzinda waung'ono dzina lake Glauchau. Kumeneko, pa 24 Marichi m'chaka cha 1494, kunabadwa mwana wamwamuna amene makolo ake anamutcha Georg Bauer. Liwu loti Bauer m'Chijeremani litanthauza mlimi. Masiku amenewo anthu ophunzira anali ndi mwambo wosandutsa maina awo m'Chilatini, kotero mnyamatayo atakula anadziwika ndi dzina loti Georgius Agricola, pakuti Agricola ndiye mlimi m'Chilatini. Komatu khasu sanaligwire. Munda wake unali pansi pa nthaka, kumene kumakumbidwa siliva, mkuwa, mtovu ndi chitsulo, ndipo lero akatswiri a miyala amamutcha tate wa maphunziro awo.

Maphunziro ake

Ali ndi zaka 20, m'chaka cha 1514, Agricola analowa sukulu yaukachenjede ya ku Leipzig, naphunzira Chilatini ndi Chigriki. M'chaka cha 1518 anaitanidwa kukaphunzitsa pa sukulu ya mzinda wa Zwickau, ndipo posakhalitsa anakhala mkulu wa sukuluyo. Ali komweko analemba kabuku kophunzitsira ana malamulo a Chilatini, kamene kanasindikizidwa m'chaka cha 1520. Munthu wina akadakhutira ndi ulemu umenewu, koma iye anatula udindowo m'chaka cha 1522, nabwerera ku Leipzig kukayamba maphunziro a using'anga. Pambuyo pake anaoloka mapiri kunka ku Italy, kumene kunali asing'anga omveka koposa. Anakhala ku Bologna ndi ku Venice. Ku Venice anagwirako ntchito m'nyumba yosindikizira mabuku imene anaiyambitsa Aldus Manutius, nathandiza kukonza mabuku a Galen, sing'anga wakale wa Chigriki, amene anatuluka m'chaka cha 1525.

Powerenga mabuku akalewo anapeza chinthu chimene chinamusautsa mtima. Asing'anga a Agriki ndi Aroma ankachiritsa zilonda ndi nthenda za maso ndi mankhwala ochokera ku miyala ndi ku zitsulo, ndipo maina a mankhwalawo anali olembedwa bwino lomwe. Koma m'masiku a Agricola panalibe wodziwa bwino kuti dzina lakuti n'la mwala uti. Maina anatsala m'mabuku, miyala inatsala m'mapiri, ndipo wozilumikiza panalibe. Tsono iye anatsimikiza mtima kupita kumene miyalayo imakumbidwa.

Pakati pa anthu a m'migodi

M'chaka cha 1527 analandira ntchito ya using'anga mu mzinda wa Joachimsthal m'dziko la Bohemia, umene lero utchedwa Jáchymov ndipo uli m'dziko la Czech Republic. Mzindawo unali watsopano, pakuti unayamba m'chaka cha 1516 atapezeka siliva wambiri m'chigwamo, ndipo anthu anakhamukirako kuchokera kumbali zonse. Ndalama ya siliva yosulidwa kumeneko inkatchedwa Joachimsthaler; anthu anafupikitsa dzinalo nati thaler, ndipo m'menemo ndimo munachokera liwu loti dola.

Nthawi yonse imene inamutsalira atatha kuona odwala, Agricola ankaithera ku migodi ndi ku ng'anjo. Ankatsika m'maenje, kuyang'ana m'mene mtapo wagonera m'thanthwe, kutola miyala, ndi kufunsa amisiri osadziwa ndi liwu limodzi lomwe la Chilatini. Ophunzira ambiri a nthawi imeneyo ankayesa ntchito ya m'migodi yonyansa, yosayenera munthu wa mabuku. Iye sanachite manyazi kukhala wophunzira wa anthu a manja a zikang'a. Zimene anaphunzira anazilemba m'buku lake loyamba la za migodi, lotchedwa Bermannus, limene linasindikizidwa ku Basel m'chaka cha 1530. M'bukumo asing'anga awiri akuyenda m'migodi pamodzi ndi munthu wodziwa ntchitoyo, iye nawaonetsa mwala uliwonse ndi dzina lake. Erasmus wa ku Rotterdam, amene anali womveka pa ophunzira onse a ku Ulaya, analemba kalata yoyamikira bukulo, ndipo inaikidwa kumayambiriro kwake.

Pofika chaka cha 1533 Agricola anali atakhazikika ku Chemnitz, kwawo ku Saxony, monga sing'anga wa mzindawo. Kumeneko anakhala kufikira imfa yake, ndipo ndiko analembera mabuku ake aakulu.

Kodi mtapo umachokera kuti?

Funso limene linamugwira mtima koposa linali ili: chifukwa ninji siliva kapena mkuwa supezeka ponseponse, koma umayenda m'thanthwe ngati mtsempha m'thupi la munthu, apa wonenepa, apo wowonda, penanso n'kutheratu? Mayankho analipo kale, ndipo anthu ankawakhulupirira. Ena ankati zitsulo zimabadwa ndi mphamvu ya zakumwamba: dzuwa libala golide, mwezi ubala siliva, nyenyezi ya Mars ibala chitsulo. Ena, amene ankataya chuma chawo poyesa kusandutsa mtovu kuti ukhale golide, anali ndi ziphunzitso zawo zobisika. Enanso ankati mitsemphayo inakhalapo chikhalire pamodzi ndi matanthwe, monga momwe ikuonekera lero.

M'buku lotchedwa De Ortu et Causis Subterraneorum, la m'chaka cha 1546, Agricola anakana zonsezi, napereka yankho lochokera pa zimene anaona ndi maso. Anaphunzitsa kuti thanthwe ndilo limayamba. Pambuyo pake limang'aluka, ndipo madzi a pansi pa nthaka amayenda m'ming'alumo naikulitsa. Madziwo, makamaka akatenthedwa, amasungunula zina za m'nthaka ndi m'miyala, nasanduka msuzi wonyamula zitsulo. Msuziwo ukauma m'ming'alu, ndiwo mtapo umene anthu amaukumba. Kotero mtsempha ndi wamng'ono pa thanthwe limene ukhalamo. Anasiyanitsanso mitundu ya mitsempha: wotsika chotsetsereka kulowa pansi, wogona chopingasa ngati mphasa, wounjikana malo amodzi, ndi timitsempha ting'onoting'ono tophuka pa waukulu. Anazindikiranso kuti golide wopezeka mumchenga wa m'mitsinje sabadwira momwemo ayi, koma madzi anam'kokolola ku mitsempha ya kumtunda.

Akatswiri a masiku ano atsimikiza kuti pa mitapo yambiri ya golide, siliva, mkuwa ndi mtovu Agricola analasa. Madzi otentha kwambiri ndi amchere, ena ochokera ku miyala yosungunuka ya pansi penipeni, ena a mvula kapena a m'nyanja olowa pansi, amanyamula zitsulo, ndipo amazitula pamene azizira kapena pamene akomana ndi thanthwe la mtundu wina. Adziwanso njira zina zimene iye sanazifikire: mitapo ina imapatukana m'kati mwa thanthwe losungunuka lenilenilo, monga platinamu wa ku South Africa, ndipo ina imatsalira pamwamba mvula ikatsuka thanthwe zaka zosawerengeka, monga bauxite wa pa phiri la Mulanje. Koma njira yofunsira funsolo, ndiyo kupita kukaona thanthwe lisanayankhidwe, anaitsegula ndiye.

M'chaka chomwecho cha 1546 anatulutsanso De Natura Fossilium, buku lolongosola miyala m'magulu ake. Akale ankaindandalika potsata zilembo za maina, kapena potsata mphamvu zamatsenga zimene ankati ili nazo. Iye anailongosola potsata zimene munthu aliyense angathe kuyesa: maonekedwe, kulemera, kuwala, kulimba, kakomedwe pa lilime, ndi machitidwe ake pa moto. Anaonetsanso kuti bismuth ndi chitsulo pachokha, ngakhale akale sanachiwerenge.

Buku la zaka makumi awiri

Ntchito yake yaikulu ndiyo De Re Metallica, imene anaigwira zaka ngati 20. Ili ndi zigawo 12 ndi zithunzi 292 zozokotedwa pa matabwa. M'menemo muli kafunidwe ka mtapo, kayesedwe ka malire a mgodi, kakumbidwe ndi kachirikizidwe ka maenje, makina otungira madzi, mivukuto yolowetsera mphepo, kusinja ndi kutsuka miyala, kuyenga m'ng'anjo, kulekanitsa golide ndi siliva, ngakhale kupanga mchere ndi galasi.

Masiku amenewo ofuna mtapo ambiri ankayenda ndi kamtengo kamphanda m'manja, nakhulupirira kuti kadzagwedezeka kokha pofika pamene pali siliva. Agricola anafotokoza mwambowo mosanyoza, koma anaweruza kuti munthu wanzeru ndi woona mtima asaugwiritse ntchito. M'malo mwake ayang'ane zizindikiro za chilengedwe: zidutswa za mtapo zogubuduzika m'mitsinje, kakomedwe ka madzi a pa kasupe, masamba ofwifwa a mitengo, ndi malo okumbika ndi madzi a mvula.

Ngakhale anafotokoza makina mwaluso, sanaiwale kuti iye ndi sing'anga. Analemba za fumbi la m'migodi youma limene limalowa m'mapapo ndi kuwadya, za mpweya woipa, za madzi ozizira owononga miyendo, ndi za kugwa pa makwerero. Anasimba kuti ku migodi ya ku mapiri a Carpathia kunkapezeka akazi okwatiwa kasanu ndi kawiri, amuna onsewo atatha ndi chifuwa. Analangiza kuti antchito aphimbe kumaso ndi nsalu, avale nsapato zazitali ndi zotchinga manja, ndi kuti eni migodi alowetse mphepo yabwino m'maenje. M'midzi yambiri ya ku Malawi, kumene amuna anabwera kuchokera ku migodi ya golide ya ku Joni ali ndi chifuwa chosamva mankhwala, nthenda imeneyi si yachilendo. Sing'anga wa ku Saxony anali ataichenjeza kale zaka mazana anai zisanachitike zimenezo.

Sikuti anamasuka ku zolakwa zonse za nthawi yake. M'buku lina la m'chaka cha 1549 anawerengera tiziwanda ta m'migodi pamodzi ndi zamoyo za pansi pa nthaka, monga ankakhulupirira antchito anzake. Ndiponso sakadatha kudziwa kuti mwala wakuda wa ku Joachimsthal, umene okumba ankautaya ngati wachabe, unali ndi uranium, ndi kuti mpweya wotuluka m'menemo unali kudwalitsa anthu. Mwa mwala womwewo Marie ndi Pierre Curie anapeza radium m'chaka cha 1898.

Chikhulupiriro chake ndi imfa yake

Moyo wa Agricola unagwa m'nthawi ya kugawikana kwa akhristu a ku Ulaya, kumene kunayamba ndi Martin Luther m'chaka cha 1517. Mfumu George ya ku Saxony, imene inali Mkatolika, itamwalira m'chaka cha 1539, dziko lake linatembenukira ku chiphunzitso cha Luther, ndipo Chemnitz inatsata. Agricola anakhalabe mu Eklezia Katolika. Sanali munthu wa makani, ndipo anali ndi abwenzi ambiri a mbali inayo. Mfumu Maurice, ngakhale inali ya mpingo wa Luther, inamulemekeza ndi kumukhulupirira, kotero kuti m'chaka cha 1546 anaikidwa kukhala mkulu wa mzinda wa Chemnitz, ndipo udindowo anaugwira kanai. Mliri utagwa m'dzikomo m'zaka za 1552 ndi 1553, anasamala odwala, nalemba buku la mliriwo limene linatuluka m'chaka cha 1554.

Anamwalira ku Chemnitz pa 21 Novembala 1555, ali ndi zaka 61. Chaka chomwecho mafumu a ku Germany anali atapangana ku Augsburg kuti mfumu iliyonse isankhe chipembedzo cha dziko lake. Mwa mwambo, munthu amene anakhalapo mkulu wa mzinda ankaikidwa m'tchalitchi chachikulu cha mzindawo. Koma popeza Agricola anafa ali Mkatolika, akuluakulu anamukaniza manda amenewo, ndipo maliro a munthu amene anachiritsa mzindawo zaka zoposa 20 anakhala masiku angapo osaikidwa. Pamenepo Ambuye Julius von Pflug, episkopi wa Naumburg, amene anali bwenzi lake, anawalandira. Mtembo unanyamulidwa ulendo wa mailosi oposa 30 kunka ku Zeitz, nuikidwa m'tchalitchi chachikulu cha kumeneko.

Buku lake lalikulu sanalione litasindikizidwa, chifukwa kuzokota zithunzi kunachedwetsa ntchito. Linatuluka ku Basel m'chaka cha 1556, ndipo chaka chotsatira linamasuliridwa m'Chijeremani. Kwa zaka pafupifupi 200 linali mphunzitsi wamkulu wa okumba ndi oyenga zitsulo. M'chaka cha 1912 linatuluka m'Chingerezi ku London, litamasuliridwa ndi Herbert Hoover, katswiri wa migodi, pamodzi ndi mkazi wake Lou Henry Hoover. Hoover yemweyo anadzakhala Pulezidenti wa United States m'chaka cha 1929. Lero ku Chemnitz, mzinda umene unamukaniza manda, kuli sukulu yotchedwa ndi dzina lake.

Anthu a nthawi yake ankafuna siliva mwa kuyang'ana nyenyezi ndi kamtengo kamphanda. Iye anatsika m'dzenje ndi nyali, nafunsa amisiri, nalemba zokhazo zimene anaona kapena kumva kwa anthu okhulupirika. Pamene mafumu ndi mizinda anasintha chipembedzo, iye anasunga chake, osadana ndi munthu, ngakhale chinamutayitsa manda a ulemu. Mafupa ake agona ku Zeitz kufikira lero.